Kuchepetsa ngozi za fodya popanda kusala wosuta: mkangano wa ku Germany, Austria ndi Switzerland

Ku Germany anthu pafupifupi 127,000 anamwalira m'chaka cha 2018 chokha ndi matenda obwera chifukwa chosuta fodya, malinga ndi bungwe lofufuza za khansa la DKFZ la mumzinda wa Heidelberg. Ku Switzerland imfa zoterezi zimafika pafupifupi 9,500 pachaka, ndipo munthu mmodzi mwa anayi alionse oyambira zaka 15 amasutabe. Ku Austria kafukufuku wa zaumoyo wa 2019 anapeza kuti munthu mmodzi mwa asanu amasuta tsiku lililonse. Awa ndi mayiko olemera, okhala ndi zipatala zapamwamba komanso inshuwalansi ya zaumoyo yofikira pafupifupi aliyense, komabe pa nkhani ya fodya akhala akutsalira m'mbuyo mwa anzawo a ku Ulaya. Pamene mabungwe olimbana ndi khansa anasanja mayiko 36 mu 2019 potengera kulimba kwa malamulo awo a fodya, Germany inali yomaliza, Switzerland inali yachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo Austria inali itangochoka kumene pa malo omalizawo itakhalapo zaka zambiri.

Chovuta pa nkhaniyi n'chakuti m'zaka zomwezo pamene maboma ankanyengerera makampani a fodya, munthu wosutayo ndiye anayamba kusenza manyazi onse. Lero wosuta amaima panja pa chitseko m'chisanu, amachepetsa chiwerengero cha ndudu zake akamayankha dokotala, ndipo akapezeka ndi khansa ya m'mapapo, funso loyamba limene achibale ndi anansi amam'funsa ndi lakuti kodi ankasuta. Akatswiri a zaumoyo m'mayikowa akulimbana ndi mafunso awiri amene sangalekanitsidwe. Kodi athandizidwe motani munthu amene wayesa kusiya kangapo n'kulephera, kapena amene safuna n'komwe kusiyana ndi nikotini? Nanga kum'chititsa manyazi kumam'kankhira kuchipatala, kapena kumam'thawitsako?

Mfundo yochepetsa ngozi imayambira pa kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziona ngati chimodzi, nikotini ndi utsi. Nikotini ndi amene amabweretsa chibaba, ndipo si chinthu chongochinyalanyaza, pakuti amathamangitsa mtima, amavulaza mwana amene ali m'mimba, ndiponso amagwira msanga wachinyamata amene ubongo wake ukukulabe. Koma si iye amene amayambitsa khansa zambiri za osuta. Chimene chimapha kwambiri ndi kuyatsa. Tsamba la fodya likapsa limatulutsa utsi wokhala ndi tinthu toposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa tinthu timeneti n'todziwika kuti timayambitsa khansa, kuwonjezera pa mpweya wa poizoni umene umalanda malo a okosijeni m'magazi. Katswiri wa ku London Michael Russell analemba mu 1976 kuti anthu amasutira nikotini koma chimene chimawapha ndi phula. Kuchokera pa ganizo limeneli, ena amati ngati munthu sangathe kusiya nikotini lero, ndi bwino am'peze m'njira yosayatsa moto: m'timapulasitala tomata pakhungu, mu chingamu cha ku famase, mu ndudu zamagetsi zimene zimasandutsa madzi kukhala nthunzi, mu fodya wonyowa wa snus amene amaikidwa pakati pa mlomo ndi usinini, kapena m'timitengo ta fodya totenthetsedwa ndi makina osapsa. Njirazi sizifanana kuopsa kwake, ndipo palibe imene imafanana ndi kusiya zonse, koma pa zoopsa palibe imene imafika pa ndudu yoyatsa.

Chodabwitsa n'chakuti mayiko olankhula Chijeremani ali m'gulu la amene anaphunzitsa dziko lonse kaganizidwe kameneka, koma pa mankhwala ozunguza bongo. Mzinda wa Bern ku Switzerland unatsegula mu 1986 chipinda chimene ogwiritsa ntchito heroin ankaloledwa kudzibayiramo ndi masingano oyera pali owayang'anira. Ku Zurich, paki ya Platzspitz itadzaza ndi anthu odzibaya poyera, ambiri n'kumatenga kachilombo ka HIV, boma linatseka pakiyo mu 1992, ndipo mu 1994 Switzerland inayamba kupereka heroin kuchipatala kwa amene njira zina zonse zinawakanika; anthu anavomereza ndondomekoyi pa voti ya dziko lonse mu 2008. Frankfurt, ku Germany, inatsegula zipinda zake mu 1994. Palibe amene ankanena kuti heroin ndi wabwino. Ankangonena kuti munthu wamoyo ndi amene angadzasiye mawa. Pulofesa Heino Stöver wa ku Frankfurt, amene wakhala zaka zambiri pa ntchito imeneyi, ndi mmodzi mwa amene amafunsa chifukwa chake nzeru yomweyo imakanidwa ikafika pa fodya, amene amapha anthu ochuluka kutalitali kuposa mankhwala onse oletsedwa ataphatikizidwa.

Yankho lalikulu lagona pa amene akugulitsa njira yatsopanoyo. Singano yoyera imaperekedwa ndi namwino amene sapezapo phindu, pamene fodya wotenthetsa amagulitsidwa ndi kampani yomwe ija inagulitsa ndudu zoyatsa, n'kumakana kwa zaka makumi angapo kuti zimapha. Ku Switzerland zimenezi zili pakhomo penipeni. Philip Morris International imayendetsera ntchito zake ku Lausanne ndipo ili ndi malo aakulu ofufuzira ku Neuchâtel, kumene kunachokera makina otenthetsera fodya a IQOS amene anayamba kugulitsidwa mu 2014. Japan Tobacco International ili ndi likulu lake ku Geneva, mzinda womwewo umene muli likulu la World Health Organization. Switzerland inasaina pangano la dziko lonse lolimbana ndi fodya mu 2004 koma nyumba yake ya malamulo sinalikhazikitse. Choncho kampani ikamalankhula zochepetsa ngozi, dokotala amene wathera moyo wake akuona mapapo owonongeka amakumbukira ndudu zija zinkatchedwa zopepuka, zimene anthu anazikhulupirira koma sizinapulumutse munthu. Kukayika kwake kuli ndi maziko, ngakhale kuti nthawi zina kumam'lepheretsa kuona umboni umene sunachokere ku kampani.

Ku Germany kuli mbiri ina imene imalemeretsa nkhaniyi. Madokotala a kumeneko anali m'gulu la oyamba kulumikiza fodya ndi khansa ya m'mapapo: Fritz Lickint wa ku Dresden anafalitsa umboni wake mu 1929 ndipo analembanso za kuopsa kwa utsi kwa munthu wosasuta amene ali pafupi, kenako Franz Hermann Müller wa ku Cologne anayerekezera odwala ndi anthu athanzi mu 1939. Boma la Nazi linatenga nkhaniyi n'kuisandutsa ya ukhondo wa mtundu, linaletsa kusuta m'malo ena a anthu onse, linalimbana makamaka ndi akazi osuta powaona ngati obereka ana a dziko, ndipo mu 1941 linakhazikitsa malo ofufuza za kuopsa kwa fodya ku yunivesite ya Jena. Nkhondo itatha mu 1945, ndudu za ku America zinasanduka ndalama pa misika yozembera, ndipo kusuta kunayamba kuoneka ngati chizindikiro cha ufulu. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, aliyense wofuna lamulo loletsa kusuta ankatha kunenedwa kuti akubwezeretsa boma lolowerera m'thupi la munthu. Akatswiri ena a mbiri amati chifukwa chimenechi chimakokomezedwa, ndipo ine ndikuona kuti akunena zoona, popeza zikalata za makampani zimene zinaululika pa milandu ya ku America zinasonyeza kuti bungwe la makampani a ndudu ku Germany linkalipira asayansi ndi kukopa andale mwakachetechete kwa nthawi yaitali. Mbiri ya Nazi inali chida chabe m'manja mwa amene anali ndi malonda oti ateteze.

Zotsatira zake zikuoneka m'malamulo. Kutsatsa fodya pa wailesi ndi pa wailesi yakanema kunaletsedwa mu 1975, koma pamene European Union inafuna kuletsa kutsatsa kwina, boma la Germany linapita kukhoti kawiri. Linapambana mu 2000 n'kugonja mu 2006. Zikwangwani za ndudu m'misewu ndi m'malo okwerera basi zinachotsedwa mu Januwale 2022, Germany ili dziko lomaliza mu mgwirizanowo kuchita zimenezi. Lamulo la 2007 linaletsa kusuta m'maofesi a boma lalikulu, m'sitima ndi m'mabasi, ndipo linakweza zaka zogulira fodya kuchoka pa 16 kufika pa 18, koma za malo odyera ndi omwera mowa zinasiyidwa m'manja mwa zigawo 16 za dzikolo. Mu Julayi 2008 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti chigawo chili ndi ufulu woletsa kotheratu, koma ngati chalola zipinda za osuta m'malo aakulu, chiyenera kulolanso timabala ta chipinda chimodzi tosakwana masikweya mita 75. Anthu a m'chigawo cha Bavaria anathetsa okha nkhaniyi pa referendamu ya pa 4 Julayi 2010, pamene 61 peresenti anasankha kuletsa kotheratu. Saarland ndi North Rhine-Westphalia ali ndi malamulo olimba chimodzimodzi, koma m'zigawo zambiri bala yodzaza utsi ikupezekabe.

Austria inadutsa njira yokhotakhota kwambiri. Mtolankhani wodziwika Kurt Kuch, amene anasuta kwambiri kwa zaka zambiri, anathera miyezi yake yomaliza akupempha poyera kuti lamulo lisinthe, ndipo anamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu Januwale 2015 ali ndi zaka 42. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inavomereza kuti kuyambira Meyi 2018 kusuta kuthe m'malo onse odyera ndi omwera, koma boma latsopano la zipani za ÖVP ndi FPÖ linafafaniza lamuloli lisanayambe kugwira ntchito. Bungwe la madokotala a ku Vienna ndi bungwe lothandiza odwala khansa anasonkhanitsa masiginecha oposa 880,000, boma silinasunthe, mpaka pamene linagwa lokha mu Meyi 2019 chifukwa cha nkhani ina ya katangale, ndipo lamulo linayamba kugwira ntchito pa 1 Novembala 2019. M'dzikoli malonda a fodya ali pansi pa ulamuliro wa boma kuyambira 1784, ndipo ziphaso za timasitolo ta fodya zimaperekedwa choyamba kwa anthu olumala, monga kale zinkaperekedwa kwa asilikali ovulala pankhondo. Motero aliyense wokhudza malonda a ndudu amakhudzanso chakudya cha mabanja amene boma linawaika dala pa ntchitoyo. Switzerland inakhazikitsa lamulo loteteza osasuta mu Meyi 2010 lokhala ndi mipata yambiri, anthu anavotera zoletsa kutsatsa fodya kumene ana angakuone mu Febuluwale 2022, ndipo zaka 18 zinakhala malire ogulira fodya m'dziko lonse mu Okutobala 2024.

Malamulowa anagwira ntchito, makamaka pa achinyamata. Ku Germany ana a zaka 12 mpaka 17 amene ankasuta anali 27.5 peresenti mu 2001, ndipo patatha zaka 20 anali atatsikira cha pa 6 peresenti. Koma akuluakulu amene anasiya mwaunyinji anali ophunzira kwambiri ndi a malipiro abwino. Amene atsala ndi ndudu ndi anthu a ntchito zamanja, osowa ntchito, osowa pokhala, akaidi, ndi odwala matenda a maganizo, amene kusuta pakati pawo n'kochuluka kwambiri kuposa pakati pa anthu ena. Pamenepa ndi pamene kusalidwa kunasinthira nkhope. Helmut Schmidt, amene anatsogolera West Germany kuyambira 1974 mpaka 1982, ankasuta pa wailesi yakanema mpaka ukalamba wake, anthu n'kumangomwetulira, ndipo popeza anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 96, osuta ambiri amam'tchulabe podzikhululukira. Ulemu umenewo sufika kwa mayi wolera yekha ana amene akusuta pa siteshoni ya basi. Iye amaonedwa ngati wopanda mwambo ndi wowononga ndalama za inshuwalansi ya anzake, ndipo kunyoza fodya kumasakanikirana ndi kunyoza umphawi mpaka osasiyanitsika.

Owerenga a ku Malawi ndi ku Zambia akudziwa bwino zimene kusalana kunachita m'zaka zoyambirira za Edzi, pamene munthu ankalolera kufera m'nyumba kusiyana n'kukaonedwa pa mzere woyezetsa magazi. Za fodya zimayenda mofananamo, ngakhale mwakachetechete. Munthu amene wakhala akutsokomola kwa miyezi amazengereza kupita kwa dokotala chifukwa akudziwiratu zimene akauzidwe, ndipo khansa ya m'mapapo ikapezeka mochedwa mwayi wochira umakhala wochepa. Mayi woyembekezera amauza mzamba kuti anasiya, ndipo potero amadzitsekera thandizo limene akanalandira. Odwala matenda a mapapo osachiritsika amadziimba okha mlandu, ndipo ngakhale odwala khansa ya m'mapapo amene sanasutepo amakumana ndi maso omwewo okayikira. Chimene chimaiwalika n'chakuti osuta ambiri anayamba ali ana, asanafike zaka zololedwa kuvota, m'dziko limene zikwangwani za ndudu zinali paliponse ndipo makina ogulitsa ndudu anali pamakoma a m'misewu, opanda chofunsa zaka za wogula mpaka 2007.

Palibe chimene chikuonetsa bwino maganizo a boma pa wosuta kuposa ndime 34 ya lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo ku Germany. Kwa zaka zambiri ndimeyi inaika mankhwala othandiza kusiya fodya m'gulu limodzi ndi mankhwala omeretsa tsitsi ndi owonjezera mphamvu za abambo, monga zinthu zongokometsera moyo zimene munthu ayenera kudzigulira yekha. Inshuwalansi inkalipira opaleshoni ya mapapo ndi mankhwala okwera mtengo a khansa, koma osati timapulasitala ta nikotini timene tikanathandiza kupewa zonsezo, pamene boma linkatolera mayuro oposa 14 biliyoni pachaka pa msonkho wa fodya. Kafukufuku wa DEBRA, amene Daniel Kotz wa ku yunivesite ya Düsseldorf wakhala akutsogolera kuyambira 2016, amapeza kuti anthu pafupifupi atatu mwa khumi amasuta, kuti oyesa kusiya anatsika kuchoka pa mmodzi mwa atatu mu 2016 kufika pa mmodzi mwa asanu ndi mmodzi mu 2019, ndiponso kuti 13 peresenti yokha ya oyesawo inagwiritsa ntchito njira yotsimikizika. Lamulolo linasinthidwa mu 2021, koma zinatenga mpaka 2025 kuti komiti ya G-BA, imene imasankha zoti inshuwalansi izilipira, ivomereze mankhwala a nikotini ndi varenicline, ndipo ngakhale pamenepo ndi kwa okhawo amene chibaba chawo chayezedwa kuti n'chachikulu ndipo alowa m'ndondomeko yovomerezeka yosiyira fodya.

Mkangano wotentha kwambiri uli pa ndudu zamagetsi. Ku England boma linalengeza mu 2023 kuti ligawa zipangizozi kwa osuta okwana 1 miliyoni kuti asinthe, ndipo bungwe la Cochrane, limene limasanthula pamodzi zofufuza za padziko lonse, lakhala likunena kuyambira 2022 kuti pali umboni wamphamvu wakuti ndudu zamagetsi zokhala ndi nikotini zimathandiza anthu ambiri kusiya kusuta kuposa timapulasitala ndi chingamu. Malangizo a madokotala a ku Germany a 2021 ananena zosiyana, kuti zisaperekedwe ngati njira yosiyira fodya. Umboni wina wofunika unachokera ku Switzerland komweko. Reto Auer wa ku yunivesite ya Bern ndi anzake, popanda ndalama za makampani a fodya, anatsata osuta 1,246 ofuna kusiya ndipo anafalitsa zotsatira mu 2024. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, 28.9 peresenti ya amene anapatsidwa ndudu zamagetsi pamodzi ndi uphungu anatsimikizika kuti anakhala osasuta nthawi yonseyo mosadukiza, poyerekeza ndi 16.3 peresenti ya amene analandira uphungu wa masiku onse. Koma atawerenga amene ananena kuti sanagwiritse ntchito nikotini wa mtundu uliwonse m'sabata yomaliza ya miyeziyo, zinthu zinatembenuka: anali 20.1 peresenti m'gulu loyamba ndi 33.7 peresenti m'gulu lachiwiri. Mbali zonse ziwiri zimatchula kafukufuku yemweyu, ndipo palibe ikunama. Zimene munthu angatengepo zikudalira chimene akuchiyesa chipambano, kutha kwa utsi kapena kutha kwa chibaba. Auer yemweyo ndi amene mu 2017 anasonyeza kuti nthunzi ya IQOS ili ndi tinthu tina toopsa tofanana ndi ta mu utsi, kotero n'kovuta kumunena kuti amalankhulira makampani.

Otsutsa, monga DKFZ ndi mabungwe a madokotala a mapapo, ali ndi mfundo zimene siziyenera kupeputsidwa. Zipangizozi zakhalapo zaka zochepa kwambiri moti palibe amene wazigwiritsa ntchito kwa zaka 40 kuti zotsatira zake zonse zioneke. Anthu ambiri sasintha kotheratu koma amagwiritsa ntchito zonse ziwiri, nthunzi muofesi ndi ndudu madzulo, ndipo ndudu zochepa patsiku zimavulazabe mtima kwambiri. Choposa zonse ndi ana. Ndudu zamagetsi zotaya zikatha, za mitundu yowala ndi fungo la zipatso ndi maswiti, zinasefukira m'timasitolo cha mu 2022, ndipo palibe angakhulupirire kuti zinapangidwira bambo wa zaka 55 amene wasuta kuyambira ali mnyamata. Mfundo yochepetsa ngozi imagwira ntchito pa munthu amene akusuta kale. Kwa mwana amene sanasutepo, chipangizo chomwecho chikuwonjezera ngozi imene panalibe.

Vuto la opanga malamulo ndi lakuti uthenga umodzi umafika kwa anthu awiriwa nthawi imodzi. Akachenjeza mwamphamvu kuti ateteze mwana, wosuta wamkulu amamva kuti zonse n'chimodzimodzi, ndiye angopitiriza ndudu yake; kafukufuku wa bungwe la boma loyeza zoopsa la BfR anapeza kuti anthu oposa theka ku Germany amakhulupirira kuti ndudu zamagetsi n'zoopsa mofanana ndi zoyatsa kapena kuposa, zimene umboni umene ulipo sukugwirizana nazo. Msonkho nawo umalankhula. Germany inayamba kukhometsa madzi a ndudu zamagetsi mu Julayi 2022 pa masenti 16 pa mililita, n'kukonza zokweza pang'onopang'ono mpaka masenti 32 mu 2026, kaya madziwo ali ndi nikotini kapena ayi. Switzerland inasiyanitsa mu 2024, n'kukhometsa zotaya kasanu kuposa zothiramo madzi mobwereza, imene ndi njira yanzeru chifukwa imamenya chimene chimakopa ana popanda kutsekera wamkulu khomo.

Pa fodya wa m'kamwa, mayiko atatuwa amatsutsana okhaokha. European Union inaletsa kugulitsa snus mu 1992 ndipo Sweden yokha inaloledwa italowa mu mgwirizanowo. Amuna a ku Sweden amagwiritsa ntchito snus kwambiri, amasuta pang'ono, ndipo khansa ya m'mapapo pakati pawo ndi yochepa kwambiri mu Ulaya, ngakhale kuti dzikolo lilinso ndi malamulo ena olimba amene anathandizira. Switzerland, imene sili mu mgwirizanowo, inalola snus mu 2019 khoti lalikulu litagamula. Timatumba toyera ta nikotini topanda fodya timagulitsidwa ku Austria, koma ku Germany akuluakulu a boma amatiwerengera ngati chakudya chatsopano chosavomerezedwa, motero sitiloledwa m'sitolo ngakhale kuti anthu amaitanitsa pa intaneti. Munthu wa ku Munich, ku Germany, angagule ndudu zoyatsa pa siteshoni iliyonse ya mafuta usiku ndi usana, koma timatumba tosayatsati ayenera kukatitenga ku Salzburg, ku Austria.

Pali ena amene amanena poyera kuti manyazi ndi mankhwala, kuti kusuta kunachepa chifukwa kunasiya kuoneka kwabwino. Mbali ina akunena zoona, koma akusakaniza zinthu ziwiri. Kuchotsa utsi m'malo odyera, kukweza mtengo, kuchotsa zikwangwani ndi kuika zithunzi zochenjeza pa 65 peresenti ya paketi, monga zakhalira kuyambira Meyi 2016, zonsezi zimalimbana ndi katundu ndi wogulitsa, ndipo zimateteza woperekera zakudya amene ankapuma utsi wa anthu ena tsiku lonse. Kunyoza munthu n'kwina. N'kotchipa kwa boma chifukwa sikufuna bajeti, koma kumagwira bwino pa okhawo amene ali ndi ndalama, nthawi ndi mtendere wa mumtima wosiyira, ndipo otsalawo kumangowapanikiza pakona. Makhoti a ku Germany anasonyeza kuti n'zotheka kuteteza wina popanda kum'chotsera mnzake ulemu: mu Januwale 2015 khoti lalikulu la apilo linagamula pa mkangano wa anthu okhala m'nyumba zosanjikizana kuti wosuta ali ndi ufulu wosuta pa khonde lake, woyandikana naye alinso ndi ufulu wa maola ena opanda utsi, ndipo ayenera kugawana nthawi. Momwemonso manambala a foni aulere othandiza osiya fodya, monga Rauchfrei Telefon ya ku Austria imene inayamba mu 2006, amatenga kubwerera ku ndudu ngati gawo la ulendo wosiya, chifukwa anthu ambiri amene anasiyadi anayesa kangapo.

Nkhaniyi imafikanso kwa mlimi wa ku Kasungu ndi ku Dowa, pakuti fodya wa bale wogulitsidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma amakathera m'ndudu za makampani omwewa, ndipo Japan Tobacco International imagula yokha fodya ku Malawi. Kamtengo ka fodya wotenthetsa kamafuna tsamba lochepa kuposa ndudu, ndipo madzi a ndudu zamagetsi amangofuna nikotini wosungunulidwa, amene masiku ano angapangidwenso m'fakitale popanda munda. Kaya a ku Ulaya asiye kotheratu kapena asinthire ku zosayatsa, tsamba lofunika likucheperachepera. Malawi inalowa m'pangano la dziko lonse lolimbana ndi fodya mu 2023, pamene Switzerland, kumene panganolo linakambidwira, inali ikadali panja.

DKFZ pamodzi ndi mabungwe ena ambiri anaika mu 2021 cholinga chakuti pofika 2040 akuluakulu ogwiritsa ntchito fodya ndi zinthu zofanana naye ku Germany akhale osakwana 5 peresenti. Kuchoka pafupi ndi 30 peresenti kufika pamenepo sikungatheke poteteza ana okha, chifukwa anthu amene adzamwalire ndi fodya m'zaka 20 zikubwerazi akusuta kale lero. Chimene chidzayese mayikowa posachedwa ndi ntchito yoyeza mapapo ndi makina a CT, ojambula m'kati mwa thupi. Mu 2025 G-BA inavomereza kuti inshuwalansi izilipira kuyeza kumeneku chaka chilichonse kwa anthu a zaka 50 mpaka 75 amene asuta kwa zaka zosachepera 25, mochuluka ngati paketi imodzi patsiku kwa zaka 15, kaya akusutabe kapena anasiya pasanathe zaka khumi. Palibe kaundula wa osuta woti boma liitanirepo anthu, choncho munthu aliyense ayenera kudzipereka yekha kwa dokotala n'kufotokoza mosabisa kuti anayamba liti ndipo amasuta zingati, ndipo anthu amene ali pa ngozi yaikulu ndi omwe aja akhala zaka zambiri akuphunzira kuchepetsa chiwerengerocho akafunsidwa.